Bingu la mu Juni

OSEWERA
ANAPHIRI: mlezi wa pasukulu ya mkombaphala ya m'mudzi
AKAPITAWO: mkulu woyandikana nawo nyumba, anapuma ntchito ku esiteti ya tiyi
FULEDI: mdzukulu wa Akapitawo, wa zaka zinayi
ANA a mkombaphala
MUULUTSI

MUULUTSI: Omvera, lero tili m'mudzi wina kuseri kwa msika wa Limbuli, m'munsi mwa phiri la Mulanje. Mwezi ndi wa Juni, dzuwa langoyamba kumene kufunditsa msana. Pali nyumba ziwiri zolekanitsidwa ndi mpanda wa nkhadze, mpanda womwe mpaka lero eni nyumbazi sanagwirizane kuti anabzala ndani.

(Tambala akulira. Wailesi ikumveka chapansipansi. Mwadzidzidzi: GUDUGUDUGUDU! Ana akukuwa.)

AKAPITAWO: (ali m'nyumba) Kalanga ine, ufa! Fuledi, tenga beseni! Fuledi! Ali kuti mwana ameneyu? (Chitseko phwaa. Mapazi. Ndowa ikugubuduka.) Mayo chala changa! (Akupuma mwawefuwefu.) Aa? Kumwamba kuli mbee chonchi? Nanga bingu lija lalira kuti?

ANAPHIRI: (chapatali) Eya, ana inu, chalira chija n'chiyani?

ANA: Binguuu!

ANAPHIRI: Bingu likalira timathawira kuti?

ANA: M'nyumbaaa!

ANAPHIRI: Pansi pa mtengo?

ANA: Ayiii!

AKAPITAWO: Anaphiri! Tabwerani kumpanda kuno.

ANAPHIRI: Mwadzuka bwanji, Akapitawo?

AKAPITAWO: Za kudzuka zisiyeni kaye. Chili m'manja mwanucho n'chiyani?

ANAPHIRI: Ndi lata.

AKAPITAWO: Ndikuona kuti ndi lata, maso ndili nawo. La yani?

ANAPHIRI: Linali litatsamira mpanda.

AKAPITAWO: Litatsamira mbali iti?

ANAPHIRI: Mphepo inaligwetsera kuno.

AKAPITAWO: Mphepo yanzeru bwanji imeneyo! Yasiya zigamba zonse zadzimbiri zili apo, n'kusankha lata latsopano lomwe ndikusungira denga la bafa. Ndiye mwaligwedeza dala kuti ine ndithyoke mwendo?

ANAPHIRI: Ndikuphunzitsa ana za nyengo. Lero ndi tsiku la bingu. Nanga bingu ndikaligule kuti? Ku Limbuli amagulitsa?

AKAPITAWO: Mayi akunyumba apita ku Chitakale kukaona wodwala. Pochoka andiuza mawu amodzi okha: ufa uli pamphasawo ukanyowa, ndikagone kwathu. Ndiye inu n'kumaliza bingu kuseri kwa mpanda!

ANAPHIRI: Koma Akapitawo, tiyeni tikambe chilungamo. Si inu amene mumatiuza tsiku ndi tsiku kuti munayeza mvula ku esiteti zaka 27?

AKAPITAWO: Zaka 27 ndi miyezi inayi.

ANAPHIRI: Ndiye munthu wa zaka 27 ndi miyezi inayi n'kuthawa bingu la mu Juni? Munalimvapo liti bingu mwezi uno?

AKAPITAWO: (kakasi) Ndinali... ndinali m'tulo.

ANAPHIRI: 9 koloko m'mawa?

AKAPITAWO: Munthu wopuma ntchito alibe koloko. Komanso nyengo masiku ano yasokonekera, simungaidalire. Dikirani. Chipewa chavala mwana uyo si changa?

ANAPHIRI: Ameneyo ndi Dzuwa. Dzuwa limafuna chipewa.

AKAPITAWO: Nanga ambulera iyo?

ANAPHIRI: Ndi ya Mvula.

AKAPITAWO: Kheni yanga yothirira kudimba! Ndakhala ndikuifuna kuyambira Lolemba, mpaka ndinakalipira mwana wa eni wosalakwa. Ndipo kanthu kakuyenda ngati bakha uko m'majombo mwanga n'kandani?

FULEDI: Ndine Matope, agogo!

AKAPITAWO: Fuledi! Iwenso uli m'gulu la akuba?

ANAPHIRI: Musatchule ana akuba. Zonsezi anabweretsa yekha. Ndinangoti aliyense abwere ndi chinthu cha kunyumba chosonyeza nyengo. Ana ena anabwera ndi tsamba louma, wina chitenje. Wanuyu ndiye anasamutsa nyumba yonse. Mwana wa mtima wabwino, sindikudziwa anatengera yani.

AKAPITAWO: Ine ndinatumiza mwana kuti akaphunzire sukulu. Azibwera kuno akuti A, B, C, azindipatsa moni wa Chingerezi, alendo azidziwa kuti pakhomo pano pali mdzukulu wa kapitawo. Koma za mvula? Mvula amaphunzitsa? Ife mvula inatiphunzitsa yokha. Imakunyowetsa kamodzi, mawa ukaona mtambo umadziwa wekha chochita.

ANAPHIRI: N'chifukwa chake mwagwa ndi ndowa lero.

AKAPITAWO: Ndowayo inaikidwa malo olakwika. Ndipo musandinamize kuti mumaphunzitsa nyengo. Ndinachiona chipepala chanu chija munapachika pakhonde. Kuli chimunthu choyera mbuu, chonenepa, mphuno yake karoti, chitavala mpango m'khosi. Fuledi anabwera kudzandifunsa kuti agogo, sinoo igwa liti? Akuti akufuna akaumbe mnzake. Sinoo, ku Limbuli! Ndinamuuza kuti adikire, ibwera pa thiraki limodzi ndi penshoni yanga.

ANAPHIRI: (akuseka) Pamenepo pokha ndikugwirizana nanu.

AKAPITAWO: Mwati chiyani? Tabwerezani, wailesi yanga inasokosa.

ANAPHIRI: Ndati pamenepo pokha. Chipepalacho tinalandira kwa abungwe ena pamodzi ndi mapoto a phala. Anthu abwino ndithu, koma chinajambulidwa kwawo. Chili ndi nyengo zinayi za kwawoko: masamba akugwa ofiira, ana akutsetsereka pa madzi oundana. Mwana wa kuno akachiyang'ana sapezapo ngakhale mtambo umodzi womwe anauonapo. Ndinachitembenuza, kumbuyo kwake tikujambulako zathu ndi makala.

AKAPITAWO: Zathu zake ziti?

ANAPHIRI: Ana inu, tamuuzeni gogoyu. Kukatentha, mango n'kuyamba kukhwima, ndi nyengo yanji?

ANA: Chilimweee!

ANAPHIRI: Achule akamaimba, ngumbi zikamatuluka?

ANA: Dzinjaaa!

ANAPHIRI: Tikamadya mondokwa ndi maungu?

ANA: Masikaaa!

ANAPHIRI: Nanga pano, tikugona titapinda miyendo?

ANA: Chisanuuu!

AKAPITAWO: Hmm. Aloweza ngati zinkhwe. Nanga mvula yoyamba ija ya mu Okutobala, yogwa kamodzi n'kuleka, munawauza dzina lake?

ANAPHIRI: Tifika.

AKAPITAWO: Simukuidziwa! Ndi chizimalupsa. Imabwera kudzazima moto wa m'tchire ndi kutsuka phulusa, basi. Wobzala ndi imeneyo amataya mbewu. Ndipo ndikukumbuka bwino munthu wina woyandikana naye nyumba amene anabzala nayo chaka china, chimanga n'kupserera chili chofika m'kakolo.

ANAPHIRI: Ndinkayesa mbewu ngati ili yamoyo.

AKAPITAWO: Munayesa thumba lonse? Nanga mvumbi? Nanga mvula ya matalala, imene imaboola masamba a tiyi ngati sefa? Nanga ng'amba? Mukuphunzitsa ana mvula imodzi ya m'kheni, pamene kuno mvula ili ndi mafuko ngati anthu.

ANAPHIRI: Ana a zaka zitatu ndi zinayi, bambo. Simungawathire zonse tsiku limodzi ngati mukuthira chimanga m'nkhokwe. Lero bingu, mawa mphepo, mkuja chiperoni. Mwana wamng'ono samva ndi khutu lokha. Amafuna agwire, anyowe, athamange. Dzulo tinamanga nsanza kunsonga ya nsungwi ijo kuti aziona komwe mphepo ikuchokera.

AKAPITAWO: Nsanza imeneyo ndi malaya anga a ku esiteti.

ANAPHIRI: Anali atang'ambika m'khwapa.

AKAPITAWO: Anang'ambika pa ntchito, mwaulemu! Ndiye chiperonicho muwauza kuti chiyani?

ANAPHIRI: Kuti ndi kamvula kowaza ka nthawi yozizira, kobwera ndi nkhungu.

AKAPITAWO: Basi? Mwatha? Kalanga ine ana a eni! Tamverani. Uko kuseri kwa Muloza, mukaoloka malire kulowa ku Mozambique, cha ku Milange, kuli phiri dzina lake Chiperone. Mphepo yonyowa imachoka kunyanja yamchere ya India, n'kudutsa cha kumeneko. Makolo ataona kuti nkhungu imatulukira mbali ya phiri limenelo, anangoitcha dzina la phirilo. Ikafika kuno imapeza chimphona chathuchi chitaima panjira, Sapitwa yekha mamita 3,002. Mphepo ilibe kolowera, imakwera. Ikakwera imazizidwa, ikazizidwa imalira misozi. Misozi yake ndi imene imasunga tiyi wobiriwira mwezi wa Juni ndi Julaye, pamene kwina konse udzu wauma. Mukazungulira kuseri, ku Phalombe, mphepo imafikako itafinyidwa kale. N'chifukwa chake tiyi ali mbali ino, ku Lujeri, ku Mimosa, osati uko.

ANAPHIRI: Mwamva ana inu? Mphepo ikakwera phiri imatani?

ANA: Imaliraaa!

AKAPITAWO: Iyayi, sindimauza anawo, ndimauza inu!

ANAPHIRI: Pitirizani, aphunzitsi.

AKAPITAWO: Sindine mphunzitsi wanu. Ndabwera kudzadandaula, ndipo madandaulo sindinathe. Kuyambira pamene munayamba za nyengozi, m'nyumba mwanga mulibe mtendere. Lachiwiri ndikugona masana, ndinangomva madzi waa kumaso. Kutsegula maso, Fuledi waima pampando ndi kapu, akuti, agogo, mvula yayamba, bzalani.

ANAPHIRI: (akudziletsa kuseka) Munabzala?

AKAPITAWO: Lachitatu anatenga lichero n'kumakupiza pa mbaula kuti ndi mwera, phulusa lonse mu ndiwo. Choipitsitsa ndi cha Lamulungu. Kwabwera abusa kudzationa, takhala bwinobwino pakhonde, iye n'kuyang'ana nkhope ya agogo ake aakazi, n'kulengeza mokweza ngati wa pa Mzati kuti lero kuli mitambo yakuda, mwina kugwa mabingu madzulo.

ANAPHIRI: Nanga anagwa?

AKAPITAWO: Abusa atangotuluka. Koma nkhani si imeneyo.

ANAPHIRI: Ndiye kuti mwanayo amalosera bwino kuposa agogo ake.

AKAPITAWO: Anaphiri, samalani pakamwa. Muli pafupi ndi malire anga.

ANAPHIRI: Malire anu? Akapitawo, inu kuno munabwera ndi sutikesi imodzi kudzakwatira. Malo ano ndi a akazi anu ndi azimayi awo. Mkamwini amaloza malire kuyambira liti?

AKAPITAWO: Nkhadze iyi ndinabzala ndine mu 1988!

ANAPHIRI: Anabzala ndi malemu amayi anga, inu munangoimirira pambali mutapisa manja m'thumba, monga kapitawo.

AKAPITAWO: Kuyang'anira ndi ntchitonso! Komanso taonani, mwana uyo mwamuveka juzi yofiira pa tsiku la bingu. Mphunzitsi wanji wosadziwa kuti chofiira chimaitana mphenzi?

ANAPHIRI: Mphenzi ilibe maso, bambo. Siisankha mtundu wa nsalu. Imatsata chimene chatalika pamalopo: mtengo, mlongoti, kapena munthu amene waima yekha pabwalo.

AKAPITAWO: Nanga ng'ombe ija inafa kudambo chaka chija? Sinali yofiira?

ANAPHIRI: Inali itabisala pansi pa bulugama. Ikanakhala yakuda bii ikanafabe. N'chifukwa chake ndikuwaphunzitsa anawa kuti asathawire pansi pa mtengo, asasewere m'madzi, alowe m'nyumba. Mwana akamva mvula, nzeru yake yoyamba ndi kuthamangira pa mtengo wa mango. Ndikufuna miyendo yake iphunzire njira ina mutu usanayambe kuganiza.

AKAPITAWO: Hmm. Nanga kuwerenga munawauza?

ANAPHIRI: Kuwerenga kwanji?

AKAPITAWO: Ha! Mlezi wa satifiketi! Kukang'anima, umayamba kuwerenga mpaka bingu limveke. Kuwala kumafika msanga, phokoso limatsalira m'mbuyo ngati nkhalamba. Masekondi atatu alionse ndiye kuti mphenziyo yagwa pa mtunda wa kilomita imodzi. Ukawerenga mpaka naini, ili makilomita atatu. Ukangoti wanu, iyo n'kuti phwaa, usawerengenso, pemphera.

ANAPHIRI: Imeneyo ndiye sindimaidziwa. Tiyeni tiyese. Ine ndikupiza chitenje ngati kung'anima, ana awerenge, inu mugwedeze lata.

AKAPITAWO: Ine? Ndigwedeze lata langa lomwe, lobedwa?

ANAPHIRI: Mwini wake ndiye amalidziwa polira bwino.

AKAPITAWO: Patseni kuno. Inu mumaligwira ngati mukupeta mpunga. Bingu lenileni limayambira pansi, kenako limakwera. Chonchi.

ANAPHIRI: Ng'aniii! Werengani!

ANA: Wanu! Thuu! Fili! Seveni! Teni!

AKAPITAWO: Imani, imani! Folo wapita kuti? Ndi mawerengedwe amenewa mphenzi ili pakhomo muziti ili ku Luchenza! Bwerezani.

ANA: Wanu! Thuu! Fili!

(GUDUGUDUGUDUUU! Ana akukuwa mosangalala, mapazi akuthamangira pakhonde. Mwana mmodzi akuyamba kulira kwambiri.)

AKAPITAWO: Nanga uyu walira chiyani? Ndagwedeza mopitirira?

ANAPHIRI: (motsitsa mawu) Bwera kuno mwanawe, bwera ndikubereke. Ndi lata chabe, taona, ndi agogo a Fuledi akusewera. (Kwa Akapitawo) Uyu ndi mmodzi mwa ana amene mabanja awo anasamukira kuno madzi atawagumulira nyumba mu Malichi 2023. Anali wa miyezi yochepa, sangakumbuke kanthu. Koma mayi ake mpaka lero mvula ikangogunda padenga amanyamula ana n'kuima pakhomo usiku wonse. Mwana wayamwira mantha kubere.

AKAPITAWO: (mwakachetechete) Sindimadziwa.

ANAPHIRI: Mumafunsa chifukwa chake ndikuvutika ndi za nyengo m'malo mwa A, B, C. Chaka chatha mvula yoyamba itagwa, ana asanu analowa pansi pa benchi, wina anadzikodzera. Phala linazizira m'makapu. Kwa iwo mvula iliyonse ndi namondwe. Ndiye ndinati ayi, ana awa adzakula akuopa chinthu chimene chimawapatsa nsima. Adziwe kuti pali mvula yosewera nayo, pali yobzalira, pali yolowa m'nyumba, ndipo pali ina yothawa. Chinthu ukachidziwa dzina, mantha amachepa.

AKAPITAWO: Masiku aja musawatchule. Chitini changa choyezera mvula ndinapachika kuseri uko. Ndinkakhuthula, kubwerera m'nyumba, kutulukanso chadzaza. Masiku atatu, usana ndi usiku. Zaka zonse za ku esiteti sindinalembepo zotero m'buku. Ndipo phiri linkalira, Anaphiri. Munalimva inunso.

ANAPHIRI: Ndinalimva. Akufa ndi osowa m'dziko muno anapitirira 1,000.

AKAPITAWO: Napolo ameneyo. Anasamuka monga anachitira ku Phalombe mu Malichi 1991, nthawi imeneyo Phalombe ikadali pansi pa boma la Mulanje. Ndinapitako ine kukafuna abale. Miyala yaikulu ngati nyumba itatsika m'phiri la Michesi n'kukhala pamene panali midzi. Mukuti madzi wamba anganyamule mwala wotero? Ndi chinjoka chimenecho, chikamachoka kuphiri kupita kunyanja.

ANAPHIRI: Dothi likakhuta madzi masiku angapo limalemera, limaterereka, limatsika ndi miyala ndi mitengo yomwe. Makamaka pamene mitengo inatha. Mikungudza ija munkanyamula pamutu usiku muli anyamata ili kuti?

AKAPITAWO: Ine sindinanyamulepo mkungudza! Thabwa limodzi lokha, la chitseko, ndiponso linali logwa lokha.

ANAPHIRI: Logwa lokha, ngati lata lija.

AKAPITAWO: Musasakanize nkhani. Ndiye anawa muwauza kuti Napolo kulibe?

ANAPHIRI: Sindiwauza kuti aliko, sindiwauza kuti kulibe. Za njokayo mukawafotokozere inu madzulo pamoto. Ine ndimawauza chochita. Ana inu, mtsinje ukafiira, ukamalira ngati thiraki, timatani?

ANA: Timathawira kumtundaaa!

ANAPHIRI: Timabwerera kukatenga nsapato?

ANA: Ayiii!

ANAPHIRI: Timaoloka?

ANA: Ayiii!

AKAPITAWO: Chabwino. Kaya ndi njoka kaya ndi dothi, kothawira n'kumodzi. Pamenepo sinditsutsa. Koma pali mlandu wina. Anzake a Fuledi akumamutcha Namondwe. Dzulo wabwera akulira kuti akuti ndiye anagwetsa mlatho.

ANAPHIRI: Ndinawaletsa kale.

AKAPITAWO: Muwauze bwino. Mwana uyu anabadwa mu 2021, dzina analandira kutchalitchi, pamaso pa anthu, tinaphera nkhuku ziwiri. Chimphepocho chinabwera pambuyo n'kudzaba dzina la mwana. Ndani anachitcha Freddy? Anapempha kwa yani?

ANAPHIRI: Anatcha ndi azanyengo a ku Australia, chifukwa chinabadwira kunyanja ya kufupi ndi kwawoko, kumayambiriro kwa Febuluwale. Chinaoloka nyanja yonse ya India, chinamenya Madagascar, chinalowa ku Mozambique, chinabwereranso kunyanja kukatenga mphamvu, n'kudzalowanso cha ku Quelimane, kenako kuno. Masiku 36 chili moyo. Palibe namondwe wina wolembedwa m'mabuku amene anakhalitsa chotero.

AKAPITAWO: Masiku 36 osatopa, osagona, kulowa m'nyumba za eni n'kusamutsa katundu.

ANAPHIRI: Mukuona? Dzinalo silinalakwike kwenikweni.

AKAPITAWO: Anaphiri!

ANAPHIRI: Ndangoyang'ana majombo anuwo, sindinanene kanthu. Mayina amenewa amakhala pa mndandanda wokonzeratu. Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022. Ndili ndi ka Ana m'kalasi muno, nakonso kanavutika chimodzimodzi.

AKAPITAWO: Ndiye a ku Australia amenewo akadzafuna dzina lina, ndili nalo loti ndiwapatse. Namondwe Anaphiri. Amayamba ndi kamphepo kabwinobwino ka mwadzuka bwanji, pomaliza wakusasulira denga la bafa.

ANAPHIRI: Ndipo Namondwe Kapitawo amangogunda tsiku lonse, osagwetsa ngakhale dontho. Tamverani, chitini chanu choyezera mvula chija chikadalipo?

AKAPITAWO: Musachiyang'ane n'komwe. Chimenecho ndiye Fuledi akachigwira ndimusamutsa sukulu.

ANAPHIRI: Sindikufuna kubwereka. Ndikufuna mwini wake. Muzibwera m'mawa kamodzi pa sabata, muziwaonetsa anawa mmene mumayezera.

AKAPITAWO: Kuyeza mvula si masewera a ana. Chitini chimakhala poyera, kutali ndi denga ndi mitengo. Umawerenga nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ife tinkawerenga 8 koloko m'mawa, diso lili molingana ndi madzi, osati choweramira. Milimita imodzi ndiye kuti lita imodzi ya madzi yagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Mwana wosadziwa folo angamve zimenezo?

ANAPHIRI: Sangamve mamilimita, koma angamve kuti lero madzi afika pa chala chimodzi, dzulo anafika pa zala zitatu. Tidula mabotolo apulasitiki, aliyense akhale ndi lake. Mmera mpoyamba, Akapitawo. Mwina mwa ana amenewa mudzatuluka wina wokagwira ntchito ku nthambi ya zanyengo ku Blantyre, tizidzamumva pa MBC.

AKAPITAWO: Malipiro ake?

ANAPHIRI: Omwe ndimalandira ine.

AKAPITAWO: Ndiwo angati?

ANAPHIRI: Zikomo wa makolo, akakumbukira. Ndi kapu ya phala ikatsala.

AKAPITAWO: Phala lake lothira shuga?

ANAPHIRI: Mukabweretsa shugayo.

AKAPITAWO: Ndiye ndibwere ndi lata, ambulera, kheni, chitini, nzeru, ndi shuga yemwe? Sukuluyi ndi ya mudzi kapena yanga?

FULEDI: Agogo! Agogo!

AKAPITAWO: Khala chete, akulu akukambirana za ntchito.

FULEDI: Agogo, phiri lavala bulangete.

AKAPITAWO: Ndati chete. Ndipo Anaphiri, ndikabwera, ana aziimirira n'kunena kuti mwadzuka bwanji aphunzitsi aakulu. Osati agogo a Fuledi.

ANAPHIRI: Aakulu kuposa yani?

AKAPITAWO: Kuposa amene sadziwa chizimalupsa.

FULEDI: Agogo, malaya anu a pansungwi akuloza kunyumba kwathu. Mphepo yachokera ku Muloza.

AKAPITAWO: Mwamuona mwana mwamuphunzitsayu? Akufuna andithamangitsenso kachiwiri. Kalulu sapsa ndi moto umodzi kawiri, mdzukulu wanga. Kwacha bwinobwino lero, ine ndayang'ana kumwamba m'mawa.

ANAPHIRI: M'mawa muja munali m'tulo, mwanena nokha.

AKAPITAWO: Ndinayang'ana ndisanagone. Chiperoni sichibwera chonchi. Chimayamba ndi kamphepo kozizira m'makutu, kenako phiri limabisika, kenako... (Kaye zii.) Anaphiri, uzani mwana wa kheniyo asiye kundiwaza m'khosi.

ANAPHIRI: Kheni ili apo pansi, yopanda madzi.

(Timadontho tikuyamba kugunda pa lata: tho, tho, tho. Kenako waaa wa kamvula kowaza.)

ANA: Chiperoniii! Mphepo yaliraaa!

AKAPITAWO: Ufa! Mayo ine, ufa wa eni! Fuledi, vula majombo! Ayi, usavule, thamanga! Anaphiri, ambulera!

ANAPHIRI: Ili ndi Mvula, ndipo Mvula ali pa ntchito. Ana inu, tiyeni tonse, aliyense agwire nsonga ya mphasa! Osakoka, kunyamula! Dzuwa, siya chipewa! Matope, usaponde mu ufa!

(Phokoso la mapazi, ana akuseka, nkhuku zikuthawa. Ndowa ija ikugubudukanso.)

AKAPITAWO: Mayo chala chomwe chija!

ANAPHIRI: Lowetsani pakhonde! Eya. Taonani, wanyowa pamwamba pokha. Mukauyanikanso m'nyumba pafupi ndi mbaula, madzulo ukhala utauma.

AKAPITAWO: Nanga mapazi a majombo ali pakatipa ndiwafotokoza bwanji?

ANAPHIRI: Mudzati munadutsa Napolo.

AKAPITAWO: Mukawauza mayi akunyumba, mpanda uwu ndiudula mawa lomwe.

ANAPHIRI: Mudula mpanda wa amayi anga? Ine sindinena kanthu. Koma pali mboni 23 pano, ndipo zonse zaphunzira kulengeza za nyengo.

FULEDI: Agogo, madzulo kugwa mabingu?

AKAPITAWO: Mu Juni mulibe mabingu, mwana iwe.

FULEDI: M'nyumba mwathu?

AKAPITAWO: (akuusa moyo) M'menemo mokha agwa. Anaphiri, Lachinayi, 8 koloko. Mabotolo mudule bwino, m'mphepete musakhale mokhota. Ndipo lata langa libwere.

ANAPHIRI: Lidzabwera tikamaliza mutu wa matalala. Tikufuna poponyera timiyala.

MUULUTSI: Omvera, sewero lathu lathera pamenepa. Chiperonicho chinakhala masiku atatu, ufa unauma pa tsiku lachinayi, ndipo Akapitawo anagona pakhonde usiku umodzi wokha. Bafa lawo mpaka lero lilibe denga.